Kugogoda kwa Gogomole

Padangokhala, ngati tili tonse, Gogomole, mbalame yomwe inkagogoda mtengo wouma m'mawa uliwonse. Pafupi naye pankakhala Nthengu, katswiri wotsanzira mawu a anzake. Tsiku lina Nthengu anatola kugogoda kuja, nakufulumizitsa, nakubwerezabwereza, n'kuthiramo kulira kwa besi kwa Nang'omba. Nyama zonse zinavina, ngakhale Fulu amene.

Gogomole anapsa mtima. "Achimwene, nyimboyo ndi yanga. Mwandibera!"

"Lanu linali phokoso chabe," anatero Nthengu. "Nyimbo ndaipanga ndine."

Anapangana kuti pa ukwati wa mwana wa Nswala aliyense akaimbe yekha, osabwereka mawu a mnzake.

Tsikulo Gogomole ndiye anayamba: go go go! Palibe anadzuka kukavina. Mayi a mkwatibwi, ali m'nyumba, anangofuula kuti, "Lowani, sitinakhome!" Bwalo lonse linaseka chikhakhali.

Nthengu naye anakwera panthambi, koma mawu akeake anali kakhwee kolasa m'makutu. Alendo anayamba kutsanzika.

"Achimwene," ananong'oneza Nthengu, "tagogodani, ukwati wa eni ake ukuwonongeka."

Gogomole anagogoda, Nang'omba anathira besi, Nthengu n'kumasakaniza, uku akufuula dzina la mwini mawu aliyense kuti bwalo limve. Otsanzika aja anabwerera, fumbi linangoti koboo!

Gule atatha, Nswala anafunsa Gogomole komwe anaphunzira ng'oma yokoma chonchi.

"Ng'oma?" anadabwa Gogomole, akupukuta mlomo. "Ine nthawi yonseyi ndimangofunafuna mbozi zoti ndidye."