Galimoto ya Mabwana Atsopano

Namwino wamkulu sanapemphe. Anangotsegula chitseko cha galimoto ya alendo n'kuyala pulasitiki pampando wachikopa.

Alendowo, mabwana anayi a bungwe latsopano loyang'anira zaumoyo, anabwera kudzamata chizindikiro chawo paliponse pachipatalapo. Ambulansi inali itatha sabata ilibe mafuta.

"Mayi, galimoto iyi ndi ya ofesi," anatero bwana wa tayi. "Odwala sakwera."

"Lero akwera, bwana."

Anamwino anzake anagonekamo mayi woyembekezera amene ankataya magazi. Dalaivala wa galimotoyo anali ataliza kale injini, ulendo wa kuchipatala chachikulu.

"Nanga ife tibwerera pa chiyani?"

Namwino anawalozera ambulansi ija, chizindikiro chatsopano chikunyezimira pachitseko pake.

"Yanu ndi iyo. Mwaimata bwino kwambiri."