Kakiyibodi ka Mabatani Atatu

A Injiniya anali patebulo lawo akuwotcherera timawaya pamene akazi awo analowa, kakiyibodi kali m'manja. Bamboyo anasiya kuwotcherera nthawi yomweyo.

Kakiyibodiko anakapanga okha: mabatani atatu basi, kukula kwake ngati bokosi la machesi. Pulogalamu ya m'kati mwake analembanso okha n'kuilowetsa m'katchipi kake. Ntchito yake inali imodzi, kuyankha mauthenga a mayiwo bamboyo ali pakompyuta ya kuntchito. Batani loyamba linkalemba kuti "Chabwino wokondedwa." Lachiwiri, "Mwanena zoona." Lachitatu, "Inenso ndakusowani." A Injiniya ankawakonda ndithu akazi awo, koma kulemba kunkawagwetsa ulesi. Banja linkayenda bwinobwino, mwamuna osatuluka thukuta.

Ndiye tsiku lina kakiyibodiko kanasowa m'chikwama mwawo. A Injiniya anadziwa kuti madzi achita katondo: mayi atulukira chinsinsi, akungodikira tsiku loti aphulike. Chifukwa cha mantha anayamba kuyankha ndi zala zawo. Ukafika uthenga wakuti "Mwadya?", iwo ankalemba ndime yathunthu, mpaka kufotokoza za mchere womwe. Ukafika wakuti "Ndakusowani," ankasiya ntchito n'kusanduka mlakatuli. Munthu wa mawaya anachita kuonda nacho chikondi.

Tsopano tsiku lija linali litakwana.

"A Injiniya," anatero mayiwo nkhope ili gwa, "kanthu kanuka kasiya kugwira ntchito. Tandikonzereni."

Bamboyo anakalandira ndi manja awiri ngati chisamani cha kukhoti. Chilango chake ndi chimenechi, anaganiza choncho: akufuna ndidine ndekha, umboni uonekere pamaso pawo. Kawaya kamodzi kanali kataduka. Anakawotcherera pang'onopang'ono kuti nthawi ipiteko, uku akuyala mawu opepesa m'mutu. Kenako analumikiza kakiyibodiko kukompyuta, n'kutsinzina, n'kudina batani loyamba.

Atatsegula maso, pakompyuta panali patalembedwa kuti "Mwadya?" Anadina lachiwiri: "Mufika nthawi yanji?" Lachitatu: "Ndakusowani."

"Pulogalamu yanu ija ndinaisintha, sinavute n'komwe," anatero mayiwo akutambasula dzanja. "Bweretsani kuno, ndikuchedwa kuofesi. Koma inuyo musapangenso kena ayi, masiku ano mukulemba bwino."