Kasitomala wa pa Geti Yofiira

"Ba Mwiche, onani, nakonzako peji yanu," anatero Ridwan, akutembenuza kompyuta.

Iyeyu ndiye ankamuyendetsera Mwiche tsamba la pa intaneti logulitsira salaula, zovala zakaunjika. Sankadziwa kuti mayiyu anathawa nkhonya za mwamuna wake ku Kanyama n'kudzabisala ndi mwana wake ku Mtendere.

"Bantu benze kufunsa kwamene munkala. Nalemba kuti kumbuyo kwa maliketi, geti yofiila."

Mwiche anagwira tebulo. "Chosani! Chosani manje manje!"

"Nichose chani? Mwapeza kale kasitomala. Aba bafunsa katatu."

Ridwan anakuza chithunzi cha munthuyo. Mwiche anaiona nkhope ya mwamuna wake uja, lilime lake n'kupita lokha pamene panali dzino limene mwamunayo anamugulula.

"Balemba futi," anatero Ridwan mokondwa. "Bakuti musatamange. Bafika kale, basewela na mwana wanu."