Nsapato Zonyowa

"Katseke madzi a kumtunda, masiku atatu," anatero bwana wa ofesi ya madzi, maso ali pa pepala la ndondomeko yosamalira madzi mumzinda.

Amene ankauzidwayo anali wotseka mipope. Kumtunda n'kwawo, ndipo m'mawa anasiya matewera a mwana ataunjikana m'beseni.

"Bwana, sabata yathanso tinatseka komweko."

"Ndiye titsekere mabwana? Ukufuna ntchito kapena madzi?"

Anapita, nazunguliza chitsulo chake mpaka mpope unasiya kulira. Atabwerera anamupatsa paipi yaitali kuti athirire kapinga wa pa ofesi. Mawa lake kunkabwera alendo odzakhazikitsa ndondomekoyo, ndipo ati udzu wouma suoneka bwino pa chithunzi. Anathirira maola awiri, mpaka madzi anasefukira mumsewu.

Kunyumba anapeza mkazi wake atakhalira ndowa yopanda kanthu.

"Bambo a mwana, akuti atsegula liti?"

"Damu laphwa, mayi. Mzinda wonse ukuvutika."

Mayiyo anayang'ana nsapato za mwamuna wake, zomwe zinkasiya mapazi onyowa pakhonde. Kenako anamukankhira beseni la matewera lija.

"Vulani masokosiwo, mufinyire muno."