Zikhato Zobiriwira

Masiku ano mankhwala a chifuwa chachikulu amapangira munthu akeake kuchokera ku makhololo ake, ndipo womwa mosadumphitsa zikhato zake zimabiriwira. Koma za Nasiwelo zinkangotuwa.

"Mayi, mukutaya mankhwala," anatero mlangizi wa zaumoyo pakhonde. "Chifuwachi chikutengani."

A Chimtengo, amuna ake a Nasiwelo, amene ankalumbira kuti sangalavulire m'kabotolo pamaso pa anthu, anabisa manja m'khwapa. Sabata zitatu tsopano akhala akumumwera mkaziyo theka la mankhwala ake mobisa, kutsokomola kwawo akukathera kudimba.

Mbatata zitapsa, Nasiwelo anagwada ndi beseni la madzi. A Chimtengo anakanikiza manja m'khwapa, maso pansi.

"Sambani, bambo," anatero Nasiwelo chapansipansi, akutsokomola. "Zikhato zobiriwirazo ndinaziona kale."