Chitsulo M'manja mwa Wometa

Makaniko wina sanafunse n'komwe. Anangolowa mometera tsitsi, kumugwira wometayo pakhosi n'kumumenyetsa mutu pagalasi. Galasilo linasweka, magazi chuchuchu.

"Si iwe uyu?" anakuwa, akumukankhira foni kumaso.

Pachithunzi chimene makanikoyo anatumiziridwa ndi mlamu wake, wometayo anali atawerama, chitsulo chili m'manja, mng'ono wa makanikoyo ali thapsa m'magazi. Makaniko anali atachiyang'ana kambirimbiri moti ankangoona ngati analipo pomwepo.

"Ndine ndithu, bambo, koma tandimverani..."

Sanamumvere. Anamuponda dzanja lamanja ndi jombo mpaka zala zinathyoka.

Masana makaniko uja anapita kuchipatala mtima uli m'malo. Anapeza mng'ono wake atatsitsimuka, mutu uli m'mabandeji.

"Ndakubwezerera, mphwanga. Ameneyu sadzagwiranso lumo," anatero, akumuonetsa foni ija.

Mng'onoyo anayang'anitsitsa chithunzicho.

"Achimwene, awatu ndi amene anandipulumutsa. Anathamangira n'kumulanda wondimenyayo chitsulocho."

"Nanga wokumenyayo bwanji sakuoneka apa?"

"Aoneka bwanji? Alamu athu atalandidwa chitsulo anangosuntha pang'ono, n'kutulutsa foni."