Mapiritsi Omwe a Bodil Anakana Kuchotsa

Panali bambo wina kuno ku Esbjerg, dzina lawo a Preben, omwe anagwira ntchito padoko mpaka kupuma. Nkhaniyi ndinaimva kwa mayi wina yemwe amayimba kwaya limodzi ndi akazi awo, a Bodil.

A Preben ankadwala shuga, ndipo impso zawo zinali zitayamba kufooka. Mankhwala onse ankasunga ndi a Bodil. M'mawa uliwonse ankawaikira mapiritsi pambali pa khofi ndi buledi wakuda, bambowo n'kumangomeza.

Chaka chatha a Preben anayamba kumva kuthina pachifuwa akamapalasa njinga. Dokotala anati awaunike mitsempha ya mtima. Anafotokoza kuti adzawabaya mankhwala onga utoto kuti mitsemphayo ioneke pamakina, koma utotowo nthawi zina umapweteka impso. Anawauzanso kuti mapiritsi oyera a shuga ayambe awasiya mpaka iye atawauza.

A Bodil atamva za impso anachita mantha, chifukwa bambo awo anamwalira ndi matenda omwewo. Akudikira kuti amuna awo atengedwe magazi, anayamba kucheza ndi mayi wina amene sankamudziwa.

"Akuti asiye? Musayerekeze, amayi," anatero mayiyo. "Amuna anga anawabaya utoto womwewo, sanasiye mapiritsi a shuga, impso zili bwinobwino. Ndinawerenga ndekha kuti mapiritsiwa ndi amene amateteza impso. Madokotala enawa zatsopano sazidziwa."

Kutacha, a Bodil anaika mapiritsi onse patebulo monga mwa masiku onse.

"Kodi aka si kaja anati tisiye?" anafunsa a Preben.

"Mezani, bambo. Mwayamba liti kuwerenga mapiritsi, inu amene simudziwa ngakhale komwe kumakhala masokosi anu?"

A Preben anaseka. "Chabwino, adokotala a m'nyumba muno." Anameza.

Tsiku lopita kuchipatala, namwino anafunsa ngati anasiya mapiritsi aja. A Preben anayang'ana akazi awo. A Bodil anayankha msanga kuti anasiya.

Kuunikako kunayenda bwino, ndipo anabwerera kunyumba tsiku lomwelo. A Bodil anapitiriza kuwapatsa mapiritsiwo. Posakhalitsa a Preben anayamba kusanza, mkodzo unasiya kutuluka. A Bodil anaganiza zoimbira foni kuchipatala, koma anaopa kuti akafunsidwa za bodza lija. Anawafunditsa bulangete n'kumati zisintha. Mwana wawo Signe atabwera kudzawaona masana, anapeza bambo ake akupuma mwaphuma, asakumuzindikira. Ndiye anaitana ambulansi.

Kuchipatala dokotala anatengera a Bodil pambali.

"Mayi, ndiuzeni zoona kuti tidziwe chochita. Mapiritsi aja ankamwa?"

A Bodil anavomera, n'kufotokoza zomwe anamva kwa mayi wachilendo uja.

Dokotala anati: "Alipodi mankhwala ena a shuga omwe akufufuzidwa ngati amateteza impso ku utotowu, ndipo yankho lake silinadziwike bwino. Koma a amuna anu ndi a mtundu wina. Amatuluka m'thupi kudzera mu impso. Utoto wapweteka impso, ndiye mankhwalawo aunjikana m'magazi."

Madokotala analumikiza a Preben ku makina osefa magazi, koma mtima unali wofooka kale. Tsiku lina m'mawa a Preben anatsegula maso n'kuona akazi awo akulira pambali pa bedi.

"Ndakuphani ndine," anatero a Bodil.

"Ayi, mayi. Dokotala uja ndinamumva ndi makutu angawa, ndipo ndinameza ndekha. Signe musamuuze. Akafunsa, nenani kuti bambo ako anali wamakani."

Masana ake anamwalira.

A Bodil anayesa kusunga zomwe amuna awo anawapempha, koma zinawakanika. Maliro atatha, anthu atabalalika, anamuuza Signe zonse kukhitchini. Signe anatsiriza kutsuka makapu, anavala jekete n'kumapita.

Pano Signe amabwerabe Lamlungu lililonse ndi ana ake. Amawagulira amayi ake zinthu, amawakonzera zowonongeka m'nyumba, amawafunsa ngati adya. Koma a Bodil akangotchula dzina la a Preben, iye amaimirira n'kuuza ana kuti avale nsapato.

Phunziro: Mankhwala a shuga alipo a mitundu yambiri, ndipo omwe anathandiza mwamuna wa mnzanu akhoza kupweteka wanu. Mukamva zina zosiyana ndi zomwe dokotala wanena, bwererani mukamufunse iyeyo. Ngati mwalakwitsa, nenani msanga nthawi ikadalipo. Tumizirani uthengawu aliyense amene amasamala wodwala kunyumba.